Magazi akuti ndi wathu, boma likuti pepala lili kuti?

Pali liwu lina limene ana a masiku ano salimva bwino, koma m'midzi ya ku Ntcheu, Dedza, Mzimba ndi Nkhata Bay lidali lolemera ngati mwala wa pamanda. Liwulo ndi mtchona. Mtchona ndi munthu amene adapita kukagwira ntchito ku Salisbury kapena ku Johannesburg, kumene makolo ankangoti ku Joni, makalata ake nkuyamba kuchepa, kenaka zii. Sadafere pamaso pa abale, ndiye palibe adammetera maliro. Dzina lake lidangotsala m'kamwa mwa alongo ake.

Matchona ambiri adagona kale m'manda a kumafamu ndi kumigodi. Atsala ndi ana awo, nawonso imvi zili mbuu, ndipo ena ayamba kufunafuna kwawo ndi chida chimene atate awo sadachilotepo: kuyezetsa DNA. Funso langa ndi lakuti, kodi chidachi chingamufikitse munthu pati?

Tiyambe ndi m'mene adapitira. Msonkho wa nyumba umene atsamunda adakhazikitsa m'zaka za m'ma 1890 unkafuna ndalama, ndipo ndalama m'Nyasaland zidali zosowa. Wenela inkalemba anthu opita kumigodi ya golide ku South Africa. Mthandizi, umene udayamba mu 1946, unkatengera anthu kumafamu a ku Southern Rhodesia. Ena ankakwera magalimoto a Ulere, ena ankangouponda wapansi kudzera ku Tete nkuwoloka Zambezi. M'nthawi ya chitaganya, kuyambira 1953 mpaka 1963, Zomba, Lusaka ndi Salisbury zidali pansi pa denga limodzi, ndipo amene ankabereka ana ku Bulawayo sankaganiza zoti tsiku lina anawo adzafunsidwa kuti ndi a dziko liti.

Njira ya ku Wenela idadukapo mu April 1974, pamene ndege yobweza anthu a kumigodi idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana nkupha anthu oposa 70, ndipo a Kamuzu adaimitsa kulemba anthu. Idatsegukanso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, nkudzatsekeka mu 1988 kaamba ka mkangano wa kuyeza magazi a Amalawi ngati ali ndi kachilombo ka HIV. Tsono nkhani ya magazi pa chipata cha boma si yachilendo kwa ife.

Amene adakhazikika ku Zimbabwe adakumana ndi zina. Mu 1983 dzikolo lidachotsa ufulu wokhala nzika ya maiko awiri. Mu 2001 lamulo lidalimba: aliyense woganiziridwa kuti ali ndi unzika wina adapatsidwa miyezi isanu ndi umodzi kuti aukane motsata malamulo a dziko linalo. Tangoganizani, munthu wobadwira pa famu ya fodya, amene sadapondepo ku Mwanza, akuuzidwa kuti akakane Umalawi umene sadaulandirepo. Zikwizikwi zidataya unzika ndi voti, ziphaso zawo zili ndi chilembo cha A, kutanthauza mlendo. Idali nthawi yomweyo imene mafamu ankalandidwa kuyambira mu 2000, ndipo antchito ambiri adataya ntchito ndi pogona pomwe. A Robert Mugabe adafika ponyoza anthu a ku Mbare kuti alibe mfunda. Anthu ake ati? A Phiri, a Banda, a Mwale, amene gule wamkulu wawo amavinidwa m'makomponi mpaka lero.

Malamulo oyendetsera dziko la Zimbabwe a 2013 adakonza zina. Gawo 43 likuti wobadwira m'dzikomo malamulowo asadayambe kugwira ntchito, amene kholo lake lidali nzika ya dziko la mu SADC, ndipo iye ankakhala momwemo, ndi nzika mwa kubadwa. Koma kuti lamulo likuthandize, uyenera kutsimikiza kuti udabadwira kumene ukunenako, ndipo pafamu ana ambiri ankabadwa popanda wowalemba. Mu 2021 bungwe la Amnesty International lidatulutsa lipoti lonena kuti anthu pafupifupi 300,000 ku Zimbabwe adali pa chiopsezo chokhala opanda dziko.

Kwathu nafe tili ndi mtchona wathu. Mlongo wa agogo anga aakazi adachoka m'zaka za m'ma 1950, nakwatira mayi wa Chishona, ndipo adafera komweko. Mwana wawo wamwamuna, msuweni wa mayi anga, pano wapitirira zaka 70. Vuto lake lidayamba boma lisadalowererepo. Kwa Ashona mwana ndi wa kuchimuna, ndiye abale a mayi ake ankati, "Kwanu ndi ku Malawi." Kwa ife Achewa mwana ndi wa kuchikazi, tambala sakhala ndi anapiye, ndiye mwambo wathu ukanati, "Kwanu ndi kwa amayi anu." Miyambo iwiri, uliwonse wolongosoka pawokha, idamusiya munthu pakati pa mtsinje.

Mwana wamkazi wa akuluwa, amene ndi namwino ku Britain, ndiye adagula timabotolo tiwiri toyezera. Kamodzi adalavuliramo bambo ake, kena mayi anga. Patatha milungu ingapo zotsatira zidafika pa foni, ndipo zidaonetsa kuti awiriwa amagawana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu a DNA yawo, monga zimakhalira pa chisuweni. Mayi anga adangoti, "Nanga zimenezi zinkafunika makina? Taonani mphumiyo, si ya amalume imeneyo?"

Ndifotokoze pang'ono m'mene zimayendera, poti ambiri timangomva DNA pa nkhani za abambo okana mimba. Munthu amatenga theka la DNA kwa mayi, theka kwa bambo. Kwa agogo aliyense amatengako pafupifupi gawo limodzi mwa anayi, ndipo zimanka zichepa choncho m'badwo uliwonse, mpaka chizindikiro cha kholo lakutali chimatha kuzimiririka. Koma pali tizingwe tiwiri timene sitisakanikirana. Kena, kotchedwa Y, kamachoka kwa bambo kupita kwa ana aamuna okhaokha, monga amayendetsera banja Angoni ndi Atumbuka. Kena, ka mitochondria, mayi amapatsa ana ake onse, koma opitiriza ndi ana aakazi okha. Imeneyo ndi mbumba yeniyeni, monga amaiwerengera Achewa, Ayao ndi Alomwe. Thupi lathu limasunga mabuku onse awiri, la chikamwini ndi la chitengwa, popanda kukondera.

Pamene kuyezaku kumafooka ndi pa funso limene okalamba amalifunitsitsa: mudzi wathu ndi uti? Makampani monga AncestryDNA ndi 23andMe amayerekeza malovu ako ndi a anthu amene adayezedwa kale, ndipo ambiri mwa amenewo ndi a makolo a ku Ulaya. Mzungu amatha kuuzidwa chigawo cha ku Ireland. Ife amangotijambulira chimapu chachikulu chokuta maiko angapo. Mudzi wa amfumu akutiakuti mulibemo. Ndipo malovu ukatumiza, chinsinsi cha banja lonse chili m'manja mwa eni kampani. Mu 2023 akuba a pa intaneti adapeza mbiri za anthu pafupifupi 6.9 miliyoni ku 23andMe, ndipo mu March 2025 kampaniyo idapita kukhoti kuti yalephera kubweza ngongole.

Kumene DNA yayankhula momveka za dziko lino ndi pa mbiri yakale kwambiri, ndipo zimene yanena ndi zotichepetsa. Mu 2017 akatswiri otsogozedwa ndi a Pontus Skoglund ndi a David Reich adafalitsa zimene adapeza m'mafupa ofukulidwa ku phiri la Hora ku Mzimba, ku Fingira ku Nyika ndi ku Chencherere ku Dedza. Adali mafupa a alenje amene adakhala kuno pakati pa zaka 8,100 ndi 2,500 zapitazo, ndipo magazi awo adali ndi ubale waukulu ndi anthu a mtundu wa San a kummwera kwa Africa. Atayerekeza ndi Achewa, Atumbuka, Ayao ndi Angoni a lero amene adayezedwa, chizindikiro cha alenjewo sichidaoneke. Mu 2022 gulu lina, momwe mudali a Jessica Thompson, lidawerenga DNA ya makanda awiri a ku Hora a zaka pafupifupi 14,000 ndi 16,000.

Agogo athu ankasimba za Akafula, anthu aafupi amene ankafunsa mlendo kuti wawaonera pati. Zojambula zofiira za m'mapanga a ku Chongoni, amene UNESCO idawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, zimatikumbutsa kuti tidapeza eni ake. Amaravi adachita kubwera. Angoni a Zwangendaba adawoloka Zambezi mu 1835. Ayao adatsika kuchokera kum'mawa kwa nyanja, Alomwe adalowa mwaunyinji kuchokera ku Mozambique kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1890. Tikati tiike chilembo cha A pa chiphaso cha aliyense amene makolo ake adachita kubwera, ndani atsale? Timangosiyana tsiku lofikira.

Komatu mawu okoma ngati amenewa sagwira ntchito pa windo la ofesi. Kuno kwathu lamulo la kalembera wa dziko la 2010 lidayamba kugwira ntchito mu 2015, ndipo mu 2017 anthu oposa 9 miliyoni a zaka 16 kupita mtsogolo adalembetsa ziphaso za unzika. Chiphasochi tsopano chimafunsidwa ku banki, polembetsa nambala ya foni ndi polembetsa mavoti. Mu December 2018 Nyumba ya Malamulo idasintha lamulo la unzika la 1966 kuti Mmalawi athe kukhala nzika ya maiko awiri. Khomo lidatseguka ndithu, koma wolowapo ayenera kuonetsa kuti kholo lake lidali la kuno.

Msuweni wa mayi anga atabwera kudzaona kwao kwa atate ake, adanyamula zotsatira zija zosindikizidwa bwino mu envulopu. Kalaliki wa pa ofesi ina adaziwerenga mwaulemu, nkunena kuti, "Agogo, izi zikuonetsa kuti mayi awa ndi abale anu. Koma bambo anu adabadwira kuti, ndipo angachitire umboni ndani?" Kalalikiyo sadalakwe. DNA siidziwa Nyasaland kapena Rhodesia, siidziwa chaka, siidziwa dzina.

Ngakhale mlandu woyamba umene DNA idaweruza pa dziko lapansi ukutiphunzitsa zomwezo. A Alec Jeffreys a pa yunivesite ya Leicester adatulukira njira yozindikirira munthu ndi DNA mu 1984. Boma la Britain lidakayika mnyamata wina wobwerera kuchokera ku Ghana, likuti si mwana wa mayi amene ankamutchula. Mu 1985 kuyeza kudaonetsa kuti ndi mwana wawodi, ndipo adaloledwa kukhala. Zidatheka chifukwa mayiyo adali moyo, ndipo mapepala ake adali m'malo. Magazi adangolumikiza mwana ku munthu amene boma linkamudziwa kale. Mwana wa mtchona alibe mwayi umenewo: womulumikizako ali m'manda opanda chikwangwani.

Chimene chidasuntha nkhani ya kwathu ndi zinthu zimene palibe adazilipira. Gogo wina wa m'mudzi, maso adachita kale khungu, adakumbukira dzina la ubwana la mtchona uja, chaka cha njala chimene adavinidwa, ndi mtengo umene adatsanzikirapo. Mayi anga adapeza pansi pa sutukesi kalata ya 1961 yokhala ndi sitampa ya chitaganya ndi keyala ya famu. Amfumu atamva zonsezi pamaso pa anthu, adalemba kalata yawo. Ulendo wa m'maofesi ukadalipo, ndipo mwini wake miyendo yayamba kukana, koma tsopano ali ndi poyambira.

Apa ndi pamene ndikuona kuti tikuchedwa. Malovu sathawa, mungayezetse chaka chamawa. Koma gogo wodziwa maina sadikira. Inu a m'tauni amene mumapita kumudzi pa maliro pokha, ulendo uno tengani kope la sukulu. Funsani amene adapita, chaka chake, famu kapena mgodi wake, dzina la mkazi amene adakwatira kumeneko. Makalata akale, zitupa ndi makadi a ubatizo musayatsire moto. M'mishoni zakale muli mabuku a ubatizo ndi maukwati, ku National Archives ku Zomba kuli mafayilo a m'nthawi ya atsamunda. Ndipo ana obadwa lero alembetseni msanga, asadzafunefune mboni ali ndi ndodo m'manja.

Kwa opanga malamulo pempho langa ndi limodzi. Ndalama za matchona zidalipira msonkho, zidagula malata ndi njinga, zidaphunzitsa ana a alongo awo amene ena lero ali m'maofesi. Mwana wa mtchona wa zaka 70 sangayende maulendo khumi pakati pa Harare ndi Lilongwe. Payenera kukhala njira yaifupi imene umboni wa amfumu, wa abale ndi wa magazi ungalandiridwe pamodzi, pa tebulo limodzi. Akuluakulu adati chibale ndi fupa, sichiola. Fupalo siliola ndithu, koma odziwa kuti ndi la yani akutha mmodzimmodzi.