Mlendo Wodzipereka M'dziko la Tiyi

Munthu wofuna kumvetsa mbiri ya anyamata ndi atsikana a kutsidya la nyanja amene akhala akudza m'dziko muno kudzagwira ntchito modzipereka, ayenera kuyamba wafunsa kuti mzungu anali yani m'maso mwa anthu a ku Luchenza ndi midzi yozungulira iwowo asanafike. Pakuti mlendo aliyense amalowera pa khomo limene anzake anatsegula kale, ndipo eni mudzi amamuyesa ndi muyeso umene omutsogolera anausiya.

Tauni ya Luchenza, imene ili m'malire a maboma a Thyolo ndi Mulanje, inaleredwa ndi njanje ya Shire Highlands Railway, imene inafika ku Blantyre m'chaka cha 1908 kuchokera ku Port Herald, kumene lero timati ku Nsanje. Pa nthawiyo tiyi anali atamera kale m'tsinde mwa phiri la Mulanje, kumene Henry Brown anabzala m'chaka cha 1891 mbewu zochokera m'munda wa Mishoni ya Blantyre. Ndipo khofi atakanika, tiyiyo anakwera zitunda za ku Thyolo pang'onopang'ono, kufikira anthu monga Maclean Kay, amene anatsegula esiteti ya Satemwa m'chaka cha 1923, ndi Ignazio Conforzi wa ku Italy, anasandutsa thengo kukhala minda yobiriwira yosaoneka malekezero. Koma manja amene anagwetsa mitengo, nazula zitsa, natchola masamba awiri ndi kansonga kuyambira mbandakucha, dengu lili kumsana, anali a Amang'anja eni nthaka ndi a Alomwe amene anaoloka malire pothawa msonkho ndi chibalo cha Apwitikizi. Ndipo ambiri a iwo, popeza anamanga nyumba pa malo amene boma linawayesa a mzungu, analipira malowo ndi thukuta lawo mwa lamulo lowawa lija la thangata.

Chotero mzungu wodziwika kumeneko anali bwana: wokhala pa khonde la nyumba ya njerwa pamwamba pa chitunda, wolankhula ndi antchito kudzera mwa kapitawo, wocheza madzulo ndi anzake okhaokha ku kalabu. Amishoni anali a mtima wina ndithu, ndipo n'koyenera kukumbukira kuti mmodzi wa oyamba kutumidwa ndi mpingo wa Seventh-day Adventist ku malo amene anadzatchedwa Malamulo, m'chaka cha 1902, anali Thomas Branch, munthu wakuda wa ku America. Komabe linga la pakati pa mitundu linali lalitali. Kutalika kwake kunaoneka m'mwezi wa Ogasiti 1953, chaka chimene Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinakakamizidwa pa anthu, pamene amuna awiri anagwidwa m'munda wa malalanje wa mzungu wina pafupi ndi Luchenza, nimveka mbiri yakuti awatengera ku chifwamba. Ndipo chipolowe chimene chinabuka pamenepo chinafalikira m'boma lonse la Thyolo ndi maboma oyandikana nalo, kufikira anthu 11 anataya moyo. Mbiri yotere singamere pakati pa anthu odyera mbale imodzi. Imamera kumene anthu akhala moyandikana zaka makumi asanu osalowerana m'nyumba.

Zisanathe zaka khumi chichitikire izi, kunafika azungu a mtundu wachilendo, osadzera minda, osadzera malonda, osadzeranso ulaliki. Ku Britain bungwe la VSO linali litayamba m'chaka cha 1958 kutumiza achinyamata ku maiko osauka. Ku America pulezidenti John F. Kennedy anakhazikitsa Peace Corps m'chaka cha 1961, ndipo gulu lake loyamba linatsika m'dziko la Nyasaland kumayambiriro kwa 1963, ufulu wa pa 6 Julayi 1964 usanafike. Ambiri anali aphunzitsi, popeza dziko linali kumanga masukulu a sekondale mofulumira lilibe owaphunzitsa okwanira; ena anatumidwa ku zipatala kukalimbana ndi chifuwa chachikulu ndi kutsegula sikelo ya ana; ndipo m'chaka cha 1971 anyamata ndi atsikana a ku Japan anayambanso kufika.

Zimene zinawadzidzimutsa sizinali mikango ndi njovu zimene anaziona m'mabuku a zithunzi kwawo, koma tinthu ta tsiku ndi tsiku. Amene anadza ndi malaya opyapyala, poyesa kuti Africa yense ndi ng'anjo ya moto, anagwidwa ndi chiperoni cha mwezi wa Juni ndi Julayi, chifunga ndi mvula yowaza zimene zimachokera ku mapiri a ku Mozambique ndi kukuta minda ya tiyi masiku angapo, nanjenjemera m'nyumba ya malata. Madzi anali a pa chitsime, kuwala kunali kwa nyali ya parafini, malungo sanaope khungu loyera, kalata ya amayi inkatha masabata panjira. Ndipo pa mphasa anapeza nsima yotentha yotema ndi dzanja, ndi ndiwo za nandolo, chigwada, kapena kalongonda wa Alomwe, amene amaphikidwa nthawi yaitali ndi kutayidwa madzi kuti asapweteke wakudya. Kwa eni kulibe mkuwe, anatero akale, ndipo amene anali ndi nzeru anasamba m'manja nadya.

Koma cholemera koposa chakudya chinali mwambo. Munthu woleredwa kumene nthawi imawerengedwa ndi wotchi, anaona chachilendo kuti sangafunse njira asanapereke moni, ndi kuti moniwo uyenera kufika kwa aliyense wokhala pabwalo, mmodzimmodzi, kuyambira wamkulu. Kuti chinthu chimalandiridwa ndi manja awiri. Kuti mwana wa sukulu woyang'ana pansi polankhula ndi mphunzitsi sakubisa bodza, koma akupereka ulemu. Ndi kuti wopeza masamba atayalidwa pa msewu ayenera kutsika pa njinga ndi kuvula chipewa, pakuti pamudzipo pali maliro. Choposa zonse, anasowa pokhala yekha. Akatseka chitseko kuti awerenge buku lake mwakachetechete, anansi ankaganiza kuti wadwala kapena wapukwa kwawo, nabwera kudzamuzonda, nakhala pa khonde mpaka dzuwa kupendeka; ndipo chimene iye poyamba anachiyesa chipsinjo, chinali chifundo chenicheni cha anthu osafuna kuti mwana wa eni afe ndi maganizo pakati pawo.

Tisayese kuti kudabwa kunali kwa mbali imodzi yokha. Eni mudzi, amene kuyambira ubwana wawo sanaonepo mzungu atasenza katundu wake, anaima m'mbali mwa msewu poona mphunzitsi woyera akupalasa njinga kupita ku msika wa Luchenza, akunenerera mtengo wa nthochi m'Chinyanja chopotoka, nabwerera ndi nkhuku pa keliyala. Ana anakondwa namuthamangira, koma akulu ena anakayika, nafunsana kuti kaya munthu wosiya chuma cha kwawo kudzagona m'nyumba yopanda magetsi wathawa mlandu wanji, kapena wadzazonda chiyani. Panalinso chinthu china chimene chinawawa mtima wa makolo: iwo amene anavutika pa esiteti kuti mwana wawo adzavale jekete ndi tayi monga mphunzitsi weniweni, sanakondwe kuona mphunzitsi wa mwanayo alowa m'kalasi ndi ndevu zosapesa ndi nkhwayira ku mapazi, pakuti umphawi wochita kusankha umaoneka ngati chitonzo kwa iye amene anabadwira m'menemo. Azungu akale a m'dziko muno nawonso sanawakonde achinyamatawa, chifukwa mzungu wodya nsima m'nyumba ya munthu wakuda ankagwetsa m'sabata imodzi ulemu wa mantha umene iwo anaumanga zaka zambiri. Paul Theroux, amene pambuyo pake anatchuka ndi kulemba mabuku, pokhala mphunzitsi ku Soche Hill pafupi ndi Limbe anasamukira ku Kanjedza kukakhala pakati pa anthu akuda, chinthu chimene m'masiku amenewo chinali chosamveka.

Kuti mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa zinaoneka poyera pa Jack Allison, amene anagwira ntchito ya sikelo ya ana ku Nsiyaludzu cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo ataona kuti uphungu wolankhula chabe sulowa m'makutu, anapeka nyimbo m'chinenero chathu, monga ija ya Ufa wa Mtedza, imene wailesi ya MBC inaiimba kwambiri kufikira amayi m'midzi yakutali anaphunzira kutsira nsinjiro m'phala la ana. Koma kalumo komweko kamachekanso mwini. Nduna zitasemphana ndi Dr. Hastings Kamuzu Banda m'chaka cha 1964, kucheza ndi anthu kunasanduka chinthu choopsa, ndipo Theroux, amene anathandiza banja la David Rubadiri, mmodzi wa otsutsana ndi Dr. Banda, anathamangitsidwa m'dziko m'chaka cha 1965. Pofika 1969 chipani cha Malawi Congress Party chinali kudandaula poyera za kavalidwe ndi makhalidwe a alendowa, ndipo ntchito ya Peace Corps inaima kwa kanthawi. Amene anadza pambuyo pake anapeza malamulo a 1973 oletsa akazi kuvala buluku ndi siketi yaifupi, ndi amuna kuweta tsitsi, ndipo lamulo la kavalidwe ka akazilo linakhala mpaka 1993.

Pamene mliri wa Edzi unalowa m'midzi ya Thyolo ndi m'nyumba za antchito a m'maesiteti, nutenga amuna ndi akazi a msinkhu wogwira ntchito, madokotala ndi anamwino a bungwe la Médecins Sans Frontières anafika m'bomalo m'chaka cha 1997, ndipo m'chaka cha 2003 anayamba kupereka mankhwala otalikitsa moyo. Pamenepo panaoneka chinthu chimene mbiri ya alendo kawirikawiri imachiiwala: kuti ntchitoyo inasenzedwa ndi anthu odzipereka a m'midzi momwemo, amene anayenda khomo ndi khomo kusambitsa odwala, kuwaphikira phala ndi kuwakumbutsa mankhwala, osayembekeza malipiro. Kudzipereka sikunadze ndi ndege. Anthu amene amalima dima m'munda wa mnzawo, ndi adzukulu amene amakumba manda a munthu wosakhala mbale wawo, anakudziwa kalekale.

Mlendo wa masiku ano amafika ndi lamya m'thumba, nalankhula ndi amayi ake madzulo alionse. Komabe chiperoni, moni ndi maliro zimamuyesa monga zinayesera oyamba aja. Ndipo pali kusiyana kumodzi kumene zaka sizinachotse, ndiko kuti iye akhoza kuchoka. M'mwezi wa Malichi 2020, matenda a Covid-19 atabuka, Peace Corps inaitanitsa anthu ake onse ku maiko onse m'masiku owerengeka, pamene wotchola tiyi anadzuka m'mawa mwake nanyamula dengu lake monga mwa nthawi zonse. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ichi sichichotsa ubwino wa ntchito yake, pakuti alipo Amalawi ambiri okalamba lero amene amatchula dzina la mphunzitsi wachilendo amene anawaphunzitsa masamu kapena Chingerezi, koma chimatiuza kuti powerengera phindu tiwerenge mbali zonse ziwiri. Mlendoyo anaphunzitsa zaka ziwiri. Eni mudzi anamutungira madzi, namuzonda pa malungo, nakonza Chichewa chake moleza mtima, namukhululukira zolakwa zimene mwana wawo akanadzudzulidwa nazo pabwalo. Wolemba mbiri wachilungamo ayenera kulemba anthu amenewa m'kaundula yemweyo wa odzipereka, pakuti popanda iwo palibe mlendo amene akanatsiriza ngakhale dzinja limodzi m'dziko la tiyi.