Pamene Yisiti Inaphunzitsidwa Kupanga Mankhwala a Malungo

Aliyense amene anadwalapo malungo kumudzi kuyambira mu 2007 amawadziwa mapiritsi achikasu a LA. Koma ndi ochepa amene amadziwa kuti mphamvu yake imachokera m'chitsamba, ndiponso kuti akatswiri anayesapo kupereka ntchito ya chitsambachi kwa yisiti, yomwe ija timafufumitsira mandasi.

Nkhaniyi inayambira ku China. Mu 1967 boma la kumeneko linayambitsa kafukufuku wachinsinsi wofuna mankhwala atsopano a malungo. Mayi Tu Youyou ndi anzawo, atafufuza m'mabuku akale a asing'anga, anapeza mankhwala otchedwa artemisinin mu 1972 m'masamba a chitsamba cha Artemisia annua. Mayiwa analandira mphoto ya Nobel mu 2015.

Kwathu kuno ku Africa mankhwala akale anali atayamba kugonja. Malawi inasiya kolokwini mu 1993 n'kutenga Fansidar, koma nayenso sanachedwe kufooka. Mayiko ambiri atatembenukira ku artemisinin, chitsamba chija chinachepa. Mu 2004 mankhwala anasowa ndipo mtengo unakwera. Alimi a ku China, Vietnam ndi kum'mawa kwa Africa anabzala ambiri, mtengo n'kugwa, iwo n'kuleka kulima. Popeza kuchokera pobzala kufika pa piritsi pamatenga nthawi yopitirira chaka, zipatala sizinkadziwa za mawa.

Apa ndi pamene analowerera a Jay Keasling a ku yunivesite ya California ku Berkeley. Mu 2004 bungwe la Bill ndi Melinda Gates linapereka madola 42.6 miliyoni pa ntchito yawo. Iwo anatenga tizigawo ta DNA ta chitsamba chija n'kutiika mu yisiti. Anasinthanso kagwiritsidwe ntchito ka shuga m'thupi mwa yisitiyo, kuti chakudya chake chizisanduka asidi amene amapangira artemisinin. Mu 2006 analengeza kuti zatheka, ngakhale zotuluka zinali zochepa kwambiri. Pofika mu 2013, kampani ya Amyris inali itafikitsa magalamu 25 pa lita imodzi. Chaka chomwecho Sanofi inayamba kupanga mankhwalawa ku Garessio m'dziko la Italy, ndipo mu 2014 oyamba anatumizidwa ku Africa.

Komatu msika ulibe chisoni. Alimi anali atakolola zochuluka, ndipo artemisinin wa m'munda anatsika mtengo kuposa wa m'matanki. Mu 2015 Sanofi sinapange artemisinin wa yisiti ngakhale pang'ono, ndipo mu 2016 inagulitsa fakitaleyo kwa kampani ya ku Bulgaria yotchedwa Huvepharma.

Kodi ndiye kuti ntchitoyi inapita pachabe? Ayi. Inaonetsa kuti kachilombo kosaoneka ndi maso kangathe kukonzedwa kukhala fakitale ya mankhwala, ndipo njirayo ilipo tsiku limene minda idzalephere. Inaonetsanso kuti nzeru za mu labotale pazokha sizifikitsa piritsi kwa mwana wotentha thupi ku Nsanje.

Ife anamwino tili ndi nkhawa ina. Mu 2020 ofufuza anapeza ku Rwanda tizilombo ta malungo tomwe tayamba kulimbana ndi artemisinin. Abale, mukamaimba foni kumudzi, akumbutseni kuti ayambe ayezetsa magazi, ndipo akapatsidwa LA amalize kumwa kasanu ndi kamodzi konse m'masiku atatu. Kolokwini tinamutaya kale, uyu timusamale.