Kunyamula ndalama kudutsa malire

Iyi ndi ntchito ya makampani achitetezo otenga ndalama zamapepala ndi zachitsulo kuchoka dziko lina kupita lina, pamene mayikowo amagwiritsa ntchito ndalama imodzi. Vuto lake ndi lakuti ndalama ndi imodzi, koma malamulo a mfuti, a alonda ndi a galimoto ndi osiyana.

Pofuna kuthetsa vutoli, mayiko ogwiritsa ntchito ndalama ya yuro anakhazikitsa lamulo nambala 1214 mu 2011. Kampani imayenera kukhala ndi chiphaso chapadera cha zaka 5. Nthawi zambiri galimoto imayenera kuyenda masana ndi kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Lamuloli limalolanso mabokosi omwe amathira inki pa ndalama akathyoledwa, kuti wakuba atsale ndi mapepala opanda ntchito. Imeneyi ndi nzeru yabwino, chifukwa imateteza moyo wa mlonda kuposa mfuti.

Kuno kwathu zofanana nazo zinalipo m'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Banki ya Rhodesia ndi Nyasaland, yomwe inatsegulidwa mu 1956 ku Salisbury, inkatulutsa paundi yogwira ntchito m'chitaganya chonse, ndipo ndalama yogulira chambo ku Fort Johnston, komwe lero ndi Mangochi, inkagulanso katundu ku Lusaka. Chitaganya chinatha mu 1963, ndipo kwacha inabwera mu 1971.

Lero pa Chiponde, polowera ku Mandimba, kwacha imakumana ndi metikali, ndalama ya kutsidyako, choncho nkhani yake ndi ya kusintha ndalama ndi malamulo a Reserve Bank of Malawi. Achinyamata a ku Mangochi amene ali ku Joni ndiwo amakhala m'dera la ndalama yogawana, poti randi imayendanso ku Lesotho, Eswatini ndi Namibia.