MABASI NDI MAERE: MBIRI YA MASUKULU A ANA MU MZINDA WA CHARLOTTE

Akuluakulu amati m'mera mpoyamba. Cimene mwana aona ndi kuzolowera m'zaka zake zoyamba za sukulu sicicoka msanga mumtima mwake, ndipo cifukwa ca ici mikangano yaikulu ya maphunziro kawirikawiri imabuka pa masukulu a ana aang'ono. M'mizinda ya ku America, mmene Azungu, anthu akuda ndi a mitundu ina akhala moyandikana, funso limodzi labvutitsa makolo, oweruza ndi boma kwa zaka zoposa 70: kodi mwana aphunzire kuti, ndipo womsankhira malowo akhale ndani? Ena afuna kuti kholo liri lonse likhale ndi ufulu wosankhira mwana wake sukulu. Enanso afuna kuti ana a mitundu yonse akhale pa benchi limodzi. Zonse ziwiri zimveka zokoma m'khutu, koma mbiri ya mzinda wa Charlotte, m'cigawo ca North Carolina, ionetsa kuti kuzisenza pamodzi ndi nchito yolemetsa.

Ukapolo unatha ku America m'caka ca 1865, koma tsankho silinathere pomwepo. Mu 1896 Bwalo Lalikulu la Milandu linalola kuti Azungu ndi akuda azipatulidwa, malinga zinthu zimene apatsidwa zikhale zofanana. Kufananako kunali kwa pakamwa cabe, pakuti masukulu a akuda anali kulandira ndalama zocepa ndi mabuku otha nchito. Pa 17 Meyi 1954 bwalo lomwelo linatembenuka pa mlandu wa Brown, umene unacokera ku masukulu a pulaimale a mu mzinda wa Topeka pamodzi ndi madera ena, nilinena kuti kupatula ana m'masukulu a boma cifukwa ca khungu ndi kuphwanya malamulo a dziko.

Kugamula mlandu ndi kwina, kumvera cigamulo ndi kwinanso. Akuluakulu a North Carolina sanakane poyera, koma mu 1955 anaika lamulo lopatsa bungwe la masukulu la dera liri lonse mphamvu yogawira ana malo, kotero kuti kholo lofuna kusamutsa mwana linayenera kupempha palokha, mwana mmodzimmodzi. Mu 1957 ana akuda anai okha ndiwo analoledwa kulowa masukulu a Azungu mu Charlotte. Mmodzi wa iwo, Dorothy Counts, mtsikana wa zaka 15, anamlandira ndi malobvu ndi miyala pa sukulu ya Harding, ndipo atapirira masiku anai makolo ake anamcotsapo.

Mu 1964 mbusa wakuda, Darius Swann, ndi mkazi wake Vera anabwerera kwao kucokera ku India kumene anali amishoni. Mwana wao wamwamuna, wa zaka 6, anafuna kumlembetsa pa sukulu ya Seversville, imene inali pafupi ndi nyumba yao ndipo inali ndi ana a mitundu yonse iwiri. Bungwe la masukulu linakana, nilimtumiza ku Biddleville, sukulu ya akuda okhaokha. Cotero mlandu umene unadzadziwika pa dziko lonse cifukwa ca mabasi unayamba ndi banja limene linali kungopempha sukulu ya pafupi ndi khomo lao. Loya wao, Julius Chambers, anapereka mlanduwo ku bwalo mu 1965.

Masiku amenewo mabungwe ambiri a masukulu a kumwera kwa dzikolo anapeza njira yocenjera imene anaicha ufulu wosankha. Anati zitseko zonse ndi zotsegula, mwana ali yense apite kumene makolo ake afuna. Koma Mzungu sanali kusankha sukulu ya akuda, ndipo kholo lakuda lofuna sukulu ya Azungu linali kuopa kucotsedwa nchito, kuthamangitsidwa m'nyumba ya lendi, kapena kuona mwana wake akuzunzidwa yekha pakati pa alendo. Mu 1968 Bwalo Lalikulu linapenda njira imeneyi pa mlandu wa Green, wocokera ku dera la New Kent ku Virginia. Kumeneko, m'zaka zitatu za ufulu wosankha, panalibe mwana wa Mzungu ndi mmodzi yemwe amene anasankha sukulu ya akuda, ndipo ana akuda 85 mwa 100 ali onse anali cikhalire pa sukulu yao yakale. Oweruza anati boma limene linamanga mpanda ndilo liyenera kuugwetsa, osati kusiyira ana ndi makolo ao nchito imeneyi.

Cigamulo cimeneci cinadzutsanso mlandu wa Swann, umene tsopano unafika m'manja mwa woweruza James McMillan, Mzungu wobadwira m'cigawo comweco. Ziwerengero zimene zinaikidwa pamaso pake zinali zosabisika. Masukulu 107 a Charlotte ndi dera la Mecklenburg anali ndi ana oposa 84,000, ndipo mwa 100 ali onse 71 anali Azungu, 29 akuda. Koma ana akuda okwana ngati 14,000 anali m'masukulu 21 mmene munalibe Mzungu, kapena munali mmodzi mwa apo ndi apo. Woweruzayo anaona kuti gwero la zimenezi linali malo okhala. Akuda anaunjikidwa kumadzulo ndi kumpoto kwa mzinda, osati mwa kufuna kwao kokha, koma cifukwa ca mapangano oletsa kuwagulitsa nyumba m'madera a Azungu, mabanki okana ngongole, ndiponso boma limene linagumula mudzi wao wakale wa Brooklyn pakati pa mzinda. Pamene midzi iri yopatukana, sukulu ya pafupi ikhala yopatukananso.

Tsono mu 1970 McMillan analamula kuti atsate njira imene anakonza katswiri wa maphunziro, John Finger. Masukulu a pulaimale 9 a akuda a mkati mwa mzinda anawalumikiza ndi masukulu 24 a Azungu a m'mphepete. Ana akuda a giredi 1 kufikira giredi 4 anali kukwera basi kupita kunja, ndipo ana a Azungu a giredi 5 ndi 6 anali kubwera mkati. Ulendo wace unali wa mailosi ngati 7, wosapitirira mphindi 35. Basi sinali cinthu cacilendo kumeneko, pakuti ngakhale kale ana 23,600 anali kunyamulidwa tsiku ndi tsiku mtunda wa mailosi ngati 15. Cacilendo cinali kumene basiyo inali kuloza.

Mkwiyo unabuka waukulu. Makolo zikwizikwi anasaina makalata okana, woweruzayo anamuopseza kuti amupha, ndipo ofesi ya Chambers inatenthedwa mu 1971, nyumba yace itaphulitsidwa kale ndi bomba mu 1965. Koma pa 20 Epulo 1971 oweruza onse 9 a Bwalo Lalikulu anabvomereza cigamulo ca McMillan, ndipo kucokera pamenepo mabasi anafalikira m'mizinda yambiri.

Charlotte anali ndi mwai umodzi umene mizinda ina inalibe. Mu 1960 masukulu a mu mzinda ndi a m'midzi yozungulira anali ataphatikizidwa pansi pa bungwe limodzi, motero Mzungu wosamukira m'mphepete sanali kuthawa lamulo. Ku Detroit zinthu zinali zosiyana. Kumeneko midzi ya m'mphepete inali ndi mabungwe akeake, ndipo mu 1974 Bwalo Lalikulu linakana kuti mabasi aoloke malire amenewo. Azungu okhoza kusamuka anasamuka, masukulu a mkati natsala ndi akuda ndi osauka.

Caka comweco ca 1974 kagulu ka nzika za Charlotte, Azungu ndi akuda pamodzi, kanakonza njira yogawana katundu mwacilungamo. Kufikira nthawi imeneyo mabanja a Azungu osauka ndi a akuda ndiwo anali kusenza ulendo, pamene olemera anali kupulumuka. Tsopano ana a m'madera olemera a kumwera anatumizidwa ku West Charlotte, sukulu yochuka ya akuda. Anthu ataona kuti palibe wokonderedwa, mitima inayamba kutsika, ndipo mu 1975 McMillan anauika pambali mlanduwo. Kwa zaka ngati 20 masukulu a Charlotte anali pakati pa osanganikirana koposa m'dziko lonse. Mu 1983 mzindawo unasankha Harvey Gantt kukhala meya wace woyamba wakuda. Mu 1984 Pulezidenti Ronald Reagan, polankhula mu Charlotte momwemo, ananyoza mabasi kuti ndi ciyeso colephera; khamu la omkonda linangoti zii, ndipo nyuzipepala ya Charlotte Observer inamyankha kuti walakwa.

Komabe mabasi anali ndi zowawa zace. Ana akuda ndiwo anali kukwera zaka zambiri, kuyambira ali aang'ono ndithu, ndipo masukulu ena amene akuda anali kunyadira, monga Second Ward, anali atatsekedwa mu 1969. M'masukulu ena ana anali kulowera cipata cimodzi koma napatulidwanso m'makalasi a anzeru ndi a ofooka, Azungu nacuruka m'makalasi apamwamba. Pamwamba pa izi mzinda unakula msanga cifukwa ca mabanki, nudzala alendo ocokera kumpoto amene sanaone masiku a Dorothy Counts. Iwo anamanga kutali, ulendo wa basi nutalika, ndipo anali kufunsa cifukwa cace mwana wao adutsa sukulu ya pafupi.

Pofuna kutonthoza madandaulo amenewa, mu 1992 bungwe la masukulu linatsegula masukulu ambiri ochedwa a maginito. Monga maginito akoka citsulo, sukulu yotere ikhala ndi maphunziro apadera, a zinenero, a sayansi kapena a luso la manja ndi nyimbo, kuti makolo a mitundu yonse aifune okha popanda kukakamizidwa. Ofuna malo akacuruka anali kucita maere, koma malo 40 mwa 100 anali kusungidwira ana akuda, 60 ana ena onse. Apa ndipo panabadwira mlandu wina. Mu 1997 William Capacchione anasuma kuti mwana wace wamkazi anamanidwa malo pa sukulu ya pulaimale ya Olde Providence cifukwa sanali wakuda. Mu 1999 woweruza Robert Potter, amene kale anali mmodzi wa otsutsa mabasi, anagamula kuti zipsera za tsankho lakale zinali zitacotsedwa mokwanira. Bwalo la apilo linabvomereza mfundo imeneyi mu 2001, ndipo mu 2002 Bwalo Lalikulu linakana kuumva mlanduwo.

Caka comweco ca 2002 panayamba njira yatsopano ya kusankha kwa mabanja. Mwana ali yense analonjezedwa malo pa sukulu ya kwao, ndipo makolo anali ndi ufulu wopempha sukulu ina ngati muli malo. Walira mvula walira matope. Masukulu okhumbidwa a kumwera anadzala ndi ana a pafupi, kotero kuti wocokera kutali anapeza khomo lotseka. Cosankha ceniceni cinasanduka kugula nyumba, ndipo nyumba za pafupi ndi sukulu yabwino ndi za mtengo wapatali. Kholo lokhala ndi galimoto, nthawi yoyendera masukulu ndi abwenzi odziwa zinthu linasankha bwino. Mai wogwira nchito usiku, kapena mlendo wolankhula Cisipanishi cokha, anatsala pamene anaikidwa. M'zaka zowerengeka masukulu odzala ana akuda, a Cisipanishi ndi osauka anacuruka, ndipo masukulu otere abvutika kusunga aphunzitsi ozolowera nchito.

Zipatso zace zinayesedwa. Mu 2014 akatswiri atatu, Billings, Deming ndi Rockoff, anatsata ana amene malire atsopano anawasintha sukulu. Anapeza kuti ana oikidwa m'masukulu ounjikana motere, Azungu ndi akuda omwe, anakhoza mocepa pa mayeso, ndipo anyamata akuda ambiri anagwa m'milandu. Caka comweco Raj Chetty ndi anzace anayerekeza madera 50 akuluakulu a m'dzikolo pa funso lakuti mwana wobadwira mu umphawi angakwere bwanji. Charlotte anakhala wotsiriza: mwa ana 100 obadwira m'gawo losaukitsitsa, 4 kapena 5 okha ndiwo anafika m'gawo lolemera koposa. Ana a m'ciwerengero cimeneci anabadwa kale, mabasi akali kuyenda, motero mlandu wonse sungaikidwe pa kusankha masukulu. Koma mbiriyi inacititsa manyazi mzinda wa mabanki, niidzutsanso nkhani ya masukulu.

Kubwerera ku njira yakale kunali kosatheka, pakuti mu 2007, pa milandu ya Seattle ndi Louisville, oweruza 5 mwa 9 a Bwalo Lalikulu analetsa njira zogawira mwana malo poyang'ana mtundu wace. Ndiponso pofika 2016 Azungu sanali kukwana ngakhale gawo limodzi la magawo atatu a ana a m'masukuluwo. Cotero m'caka cimeneco bungwe linasintha maere a masukulu a maginito kuti aziyang'ana cuma ndi maphunziro a mabanja, ndi kusakaniza osauka, apakati ndi olemera. Koma mu 2018 nyumba ya malamulo ya North Carolina inalola matauni anai a m'mphepete, Matthews, Mint Hill, Huntersville ndi Cornelius, kuti ngati afuna akhale ndi masukulu aoao oyamba kulandira ana a kwao. Mgwirizano wa 1960, umene unali mzati wa zonse, unayamba kugwedezeka.

Mbiri imeneyi siinena kuti kusankha ndi koipa, kapena kuti basi ndi mankhwala a zonse. Banja la Swann ndi banja la Capacchione onse anali kufunira mwana wao zabwino, ndipo palibe angawadzudzule pa ico. Cimene Charlotte aphunzitsa ndi cakuti ufulu wosankha ulemera molingana ndi mphamvu za wosankhayo, ndipo pamene midzi inamangidwa mopatukana, zosankha za mabanja zikwizikwi, ciri conse cabwino pacokha, zibweza ana ku mipanda yakale popanda lamulo lowatuma. Mzindawo unayenda bwino pa nthawi imene olemera ndi osauka anabvomera kusenza katundu mofanana. Makolo akale anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Sukulu ya boma iimirira kapena kugwa molingana ndi kucuruka kwa makolo okhulupirira mau amenewa.