Superbad: filimu imene inabala McLovin

Pa gulu la anzako sipalephera mmodzi amene anadzitchapo McLovin pa Facebook, ndipo kapena sadziwa na kumene dzinalo linachokera. Linachokera mu Superbad, filimu yoseketsa ya ku America ya mu 2007, imene anatsogolera Greg Mottola. Seth Rogen na Evan Goldberg anayamba kuilemba ali na zaka 13 chabe, ndiye chifukwa chake anyamata awiri a m'filimuyi ni Seth na Evan. Inadya madola pafupifupi 20 miliyoni, n'kubweza pafupifupi 170 miliyoni.

Nkhani yake ni ya tsiku limodzi na usiku wake. Seth, amene ni Jonah Hill, na Evan, amene ni Michael Cera, atsala pang'ono kumaliza sekondale. Mtsikana wina, Jules, akonza pate ndipo apatsa Seth ndalama zogulira mowa. Jules ameneyu ni Emma Stone, m'filimu yake yoyamba. Manje vuto ni lakuti ku America sugula mowa usanakwanitse zaka 21. Apa m'pamene mnzawo wachitatu, Fogell, atulutsa chiphaso chabodza cha ku Hawaii: zaka 25, dzina limodzi chabe, McLovin. Ali pa kauntala, kawalala amutchaya chibakera, kenako apolisi awiri osokonekera mitu amutenga n'kuzungulira naye usiku wonse, akumwa na kuombera mfuti.

Ukaitamba koyamba uzaseka McLovin. Ukaitambanso m'pamene uzaona kuti mowa na atsikana ni chophimba chabe. Evan wapeza malo ku koleji ya Dartmouth, Seth sanapeze, ndipo Evan akubisa kuti kumeneko azagona chipinda chimodzi na Fogell. Kutukwana konse kwa Seth ni mantha a munthu amene akusiyidwa. Ngati unamalizapo Grade 12, mnzako wa pa desiki n'kupita kwina iwe n'kutsala pa nyumba, uzamva kanthu pa mtima. Apolisi akafika pa pate, Seth anyamula Evan woledzera n'kuthawa naye. Usiku umenewo, atagona pansi moyandikana, auzana kuti amakondana, mawu amene anyamata sakamba masana. Mawa lake pa mall aliyense apita na mtsikana wake, ndipo Seth, akutsika pa masitepe oyenda okha, acheuka kuyang'ana mnzake. Kucheuka kumeneko n'kumene kumabweza anthu ku filimuyi chaka na chaka.

Koma tisanamizane, ili na zake. Pulani ya Seth ni yakuti atsikana aledzere kuti avomere, ndipo filimu imakusekesa nayo kwa nthawi yaitali isanaonetse kuti ni yoipa. Ni zoona kuti pulaniyo ilephera: Jules samwa na mowa womwe, ndipo Evan akana Becca ataona kuti waledzera maningi. Koma za atsikanawa udziwa chiyani filimu ikatha? Pafupifupi palibe. Seth aledzera, agwera Jules n'kumutupitsa diso na mutu, koma mawa lake mtsikanayo ali naye limodzi ku sitolo. Wamuonamo chiyani? Olemba sanavutike kutiuza. Nthabwala zina zonyoza amuna okondana na amuna anzawo, Rogen yemwe anavomereza mu 2016 kuti zinapitirira. Gawo la apolisi nalonso limatalika pakati apa, mpaka uyamba kuyang'ana nthawi.

Ni ya mphindi 113, yokwana jamu ya madzulo awiri. Ngati uitambira pa foni mu minibasi, vala ma earphone, ndipo foni uipendeketse ikafika pa zithunzi zimene Seth ankajambula ali mwana. Amayi amene akhala pambali pako sangamvetse kuti ni nthabwala.