Mapiri a Angónia ndi Tsangano: kumene madzi a Revúbuè amayambira

Malire a Mozambique ndi Malawi, m'maboma a Angónia ndi Tsangano, amayenda pamsana pa mapiri. Pangano la 1891 pakati pa Portugal ndi Britain linatsata pamene madzi amagawikana: mvula yogwa kum'mawa imatsikira ku nyanja ya Niassa ndi mtsinje wa Shire, yogwa kumadzulo imalowa m'mitsinje ngati Revúbuè, umene umakathira mu Zambezi pafupi ndi mzinda wa Tete.

Chifukwa chake derali ndi losalimba

Dzikoli ndi lokwera, ndipo phiri la Dómuè limapitirira mamita 2,000. Anthu ndi ochuluka, minda ya chimanga, nyemba ndi mbatatesi yafika m'malo otsetsereka. Mitengo ikatha ndi makala, nkhuni ndi moto wolusa, mvula simalowanso pansi. Imathamanga, kukokolola nthaka yachonde ndi kukumba zigwembe. Zotsatira zake akasupe amaphwa msanga, madimba amasowa madzi m'chilimwe, ndipo kumunsi mitsinje imasefukira mwadzidzidzi. Mu Januwale 2022, namondwe Ana atagwetsa mvula yoopsa, Revúbuè anadula mlatho wolumikiza Tete ndi Moatize.

Zimene lamulo limanena

Lamulo la malo la 1997 limati nthaka yonse ndi ya Boma. Banja kapena mudzi umakhala ndi ufulu woigwiritsa ntchito, wotchedwa DUAT. Lamulo lomwelo limaika malo ofika mamita 100 kuzungulira kasupe m'gulu la malo otetezedwa.

Ntchito ya mwini munda

Mizere iyenera kupingasa chitunda, osati kutsika nacho. Udzu wa vetiva kapena nsenjere wobzalidwa m'milambala umagwira dothi. Mapesi asiyidwe m'munda, asatenthedwe. M'mbali mwa mtsinje musalimidwe mpaka m'madzi. Musiyidwe bango, nsungwi, mikuyu ndi katope. Bulugamu amamwa madzi ambiri, choncho abzalidwe kutali ndi dambo.

Ntchito ya mudzi

Madzi sadziwa malire a munda. Wakumtunda akalekerera, wolira ndi wakumunsi. N'chifukwa chake mafumu, anyakwawa ndi makomiti oyang'anira zachilengedwe amagwirizana za nkhalango ya mudzi, zolambula njira zotchinga moto mvula ikatha, za pomwetsera ng'ombe, ndi za chindapusa cha wodula mitengo pakasupe. Poti phiri ndi limodzi, mgwirizanowu umalimba midzi ya mbali zonse ziwiri za malire ikakhala pamodzi.