Mwana wa Down syndrome: mmene madokotala anaphunzirira kuona mtima wake

Amayi ndi abambo a kuno ku Luchenza ndi m'maesiteti a tiyi, lero tibwerere m'mbuyo pang'ono. Mbiri iyi ikuthandizani kumvetsa chifukwa chake timakakamira kuti mwana wobadwa ndi Down syndrome akapimidwe mtima, ngakhale akuoneka wathanzi.

Dzinali linachokera kwa John Langdon Down, dokotala wa ku England. Mu 1866 iye analemba za ana ofanana maonekedwe: nkhope yophwatalala, maso opendeka ndi lilime lalikulu. Chomwe chimayambitsa sanachidziwe. Chinadziwika mu 1959 ku Paris, pamene Marthe Gautier, Jérôme Lejeune ndi Raymond Turpin anapeza kuti tinthu tonyamula chibadwa, totchedwa ma chromosome, mwa anawa timakhala 47 m'malo mwa 46. Izi zimachitika mimba ikungoyamba. Si ufiti, si tsempho, ndipo palibe amene anamukhwimira mwanayo.

Zaka zonsezo ana ambiri otere ankamwalira ali aang'ono, ndipo mtima unali chimodzi mwa zifukwa zazikulu. Pafupifupi theka la anawa limabadwa ndi vuto la mtima, kawirikawiri bowo pakhoma lolekanitsa zipinda zake. Magazi ochuluka amathamangira kumapapo, mwana n'kumabanika.

Chida chomvetsera pachifuwa chinalipo kale, poti René Laennec anachipanga mu 1816. Koma khutu limaphonya. M'masabata oyamba, ngakhale bowo lalikulu nthawi zina silimveka konse.

Zinthu zinayamba kusintha mu 1953. Ku Lund, m'dziko la Sweden, Inge Edler ndi Hellmuth Hertz anayamba kuunika mtima ndi makina. Apa ndi pamene panachokera sikani ya mtima yotchedwa echo, yofanana ndi ija ya amayi oyembekezera. Chaka chomwecho ku Philadelphia, John Gibbon anatseka bowo la mtima pogwiritsa ntchito makina ogwirizira ntchito ya mtima ndi mapapo.

Komabe kwa zaka zambiri ana a Down syndrome ankamanidwa opaleshoni, ati n'kutaya nthawi. Maganizowa atasintha, zipatso zinaoneka. Ku America mu 1983 munthu wa Down syndrome ankayembekezeka kukhala zaka 25 zokha. Lero ndi pafupifupi 60, ndipo kukonza mtima msanga kwathandiza kwambiri.

Kwathu kuno, chipatala cha Queens ku Blantyre chinatsegulidwa mu 1958, ndipo sukulu ya madokotala ya College of Medicine inayamba mu 1991. Lero ku Queens ana amaunikidwa mtima ndi echo. Njira yake imayambira pachipatala chanu chaching'ono, kenako chachikulu monga cha boma ku Thyolo kapena ku Mulanje, komwe amakulemberani kalata yopita ku Blantyre.

Echo sipweteka, ndipo mayankho ake ndi osiyanasiyana. Ena amapezeka kuti mtima uli bwino. Timabowo tating'ono tina timatsekeka tokha. Ena amapatsidwa mankhwala opeputsa ntchito ya mtima. Ofunika opaleshoni kawirikawiri amatumizidwa kunja, monga ku India, ndipo kukonzekera kwake kumatenga nthawi. Pa bowo lalikulu la pakati pa mtima madokotala amafuna kukonza mwana asanapitirire miyezi 6, chifukwa mitsempha ya m'mapapo ya anawa imawonongeka msanga. Ikawonongekeratu, opaleshoni sithandizanso.

Choncho mukauzidwa kuti mwana ali ndi Down syndrome, funsani tsiku lomwelo: "Nanga mtima wake tikaunikitsa liti?" Onetsetsani kuti zalembedwa m'buku lake la kuchipatala. Musadikire kuti adwale kaye.

Thamangirani kuchipatala mukaona izi:
• akupuma mofulumira kapena nthiti zikulowa m'kati
• akutopa ndi kutuluka thukuta poyamwa
• sakukwera sikelo
• lilime kapena milomo zatuwa kapena zikuoneka zabuluu
• akudwaladwala chibayo

Abambo, tikudziwa kuti kusiya kuthyola tiyi tsiku limodzi ndi kupeza ndalama ya minibasi n'kovuta. Khalani pansi ndi achibale komanso mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu, ulendowu utheke mwezi woyamba usanathe. Agogo athu analibe njira yoonera mtima wa khanda. Inu muli nayo.

Tumizani uthengawu kwa mayi amene mukudziwa kuti akuufuna.